Nsanje ya Dibor ndi Matenda a Nkhufi

Inu amene mwatopa ndi kugogoda pa zitseko zosatsegulidwa, khalani pansi pang'ono ndikuuzeni za Dibor Ngom wa kwathu kuno ku dera la Sine. Sindikubisirani, chimene chinamudzutsa pamphasa mayi ameneyu sichinali chifundo ayi. Inali nsanje.

Kutatsala masiku awiri kuti tidye Tabaski, chikondwerero chija timapha nkhosa, chaka chimene anakwanitsa zaka 26, Dibor anali chigonere kuseri kwa nkhokwe ya mchewere ya bambo ake. Dzuwa linali likuswa mtengo koma iye anafunda nsalu zitatu, akunjenjemera mpaka mano kugundana. Mwezi wapitawo mwamuna wake anali atamubweza pa ngolo ya kavalo, atapita padera kachiwiri. Ananena mwaulemu kuti mkaziyo akapume kaye kwa makolo ake. Aliyense anamva tanthauzo lake.

Ali gone chomwecho anamva galimoto ikuima pachipata, kenako nthungululu. Anali Gnilane, mchemwali wake wa bambo mmodzi koma mayi wina, akuchokera ku Dakar ndi mwamuna wake, khanda kumsana, nkhosa yonona itamangidwa pamwamba pa galimoto.

Awiriwa anabadwa chaka chimodzi m'nyumba zoyang'anizana. Kusukulu Dibor ndiye ankakhala woyamba chaka ndi chaka, pomwe Gnilane ankapulumukira kukopera m'makope a mchemwali wakeyo. Koma ali ndi zaka 17 Dibor anayamba kudwala modabwitsa. Thupi linkatentha masiku atatu, mutu ngati ukung'ambika, mafupa ngati wapunthidwa ndi munsi. Kenako ankadzuka bwinobwino n'kupita kuchitsime. Pakatha sabata, matenda aja abweranso. Nthawi zina ankamusiya miyezi ingapo, n'kudzamugwiranso ngati wobwera kwawo. Anamugwetsa tsiku lachiwiri la mayeso. Chaka chotsatira anamugwetsa tsiku loyamba lenileni. Gnilane anakhoza, anapita kutauni, n'kukwatiwa ndi kalaliki wa boma.

Pachipatala chathu chaching'ono namwino anali bambo Latyr Tine, munthu wabwino koma wosasiyana ndi buku. Ankamubaya chala Dibor, kudontheza magazi pa kachida koyezera malungo, n'kudikira. Mzere umodzi. Malungo palibe. Ndipo buku la malangizo limene anapatsidwa linali lachidule: mizere iwiri, perekani mankhwala a malungo, mzere umodzi, perekani panado, ndipo zikapitirira mutumizeni kuchipatala chachikulu. Dibor anapitako kawiri. Pofika kuti apeze ngolo, ayende, aime pamzere, thupi linali litazizira kale, ndipo kumeneko sanapeze kanthu.

Pamudzi ena ankati ndi mizimu ya makolo. A Téning, mayi ake a Gnilane, ankati matenda odziwa kubwera nthawi yokumba mtedza ndi matenda anzeru kwambiri.

Tsiku limenelo Gnilane anabwera kudzamulonjera kuseri kwa nkhokwe, akununkhira mafuta a mtengo wapatali. "Achemwali, mwatha chonchi?" anatero atagwada. Dibor anangoyang'ana zidendene za mnzakeyo, zosalala ngati za khanda, n'kutembenukira kunkhokwe. Mumtima ankalakalaka mwana uja atalira tsiku lonse. Anachita manyazi ndi maganizo amenewo, koma sanawasiye.

Gnilane anakhala masiku khumi, akugona m'nyumba yakale ya mayi ake, ya pansi pozira ndi dothi. Atangobwerera ku Dakar anagwa nako kutentha thupi, kutha, n'kubweranso. Uthenga utafika, Dibor anamva kakukoma kena pansi pa mtima. Alaweko nayenso, anatero chamumtima.

Kukomako sikunakhalitse. Patatha milungu iwiri a Téning anazungulira mudzi wonse foni ili m'manja. Mkamwini wawo anali ndi chikalata cha ogwira ntchito m'boma chimene chimatsegula zitseko za zipatala zikuluzikulu. Madokotala anatenga magazi thupi likadali moto, anawaunika pa makina oonera tizilombo, n'kupeza gwero lake. Anali matenda a nkhufi, tinkhupakupa tija timene timabisala m'mauna a mbewa pansi pa nyumba, kuluma munthu ali mtulo n'kubwerera kuuna iye asanamve. Mapiritsi a sabata imodzi, Gnilane anachira.

Dibor atamva anakhala pansi n'kuwerengera zimene matendawa anamulanda. Iye zaka zisanu ndi zinayi, sukulu, mimba ziwiri ndi banja. Gnilane masiku owerengeka. Matenda amodzimodzi, magazi a bambo mmodzi, kusiyana chikalata basi. Tsiku limenelo sanadye, ndipo sikunali kudwala.

Gnilane anatumiza envulopu kudzera mwa woyendetsa basi. Munali pepala la dokotala, lolembedwa dzina la matendawo ndi la mankhwala ake, komanso mawu ochepa akuti akawaonetse a Latyr. Dibor anaitsomeka kudenga. Anati kuli bwino kudwala kusiyana ndi kuchira ndi nyenyeswa za patebulo la Gnilane, n'kumamva a Téning akuziimba pachitsime. Envulopuyo inakhala mu udzu mwezi wathunthu.

Kutentha thupi kutabweranso, mayi ake a Dibor, a Khemesse, anaisolola okha. "Ukufuna tikakuike m'manda ndi ulemu wakowo?" anatero. "Manda safunsa kuti ndiwe mwana wa mkazi wamkulu kapena wamng'ono. Dzuka, ngolo ili panja."

A Latyr anawerenga pepalalo kawiri. Kenako anatembenuka, anatsegula kabati imene inali kumbuyo kwa mpando wawo, n'kutulutsa chitini. Mapiritsi aja anali momwemo, osungidwira matenda ena.

"Zaka zonsezi anali kumbuyo kwanuku?" anafunsa Dibor.

"Anali pompano, mwana wanga. Koma matenda amenewa m'buku langa mulibe. Sindiloledwa kupereka mankhwalawa pa kutentha thupi popanda umboni wa makina, ndipo makinawo ndilibe."

Atatsimikiza kuti Dibor sanali woyembekezera, anamupatsa mapiritsiwo, akudziwa kuti akuluakulu awo akadzafunsa adzayankha okha.

Sabata inatha. Mwezi unatha. Miyezi itatu, matenda osabweranso. Dibor anayamba kupita ndi amayi anzake kukakumba mchere kudambo, ndipo ndi ndalama zimene anapeza anagula simenti n'kutseka una uliwonse m'nyumba ya mayi ake.

Mwina mukuganiza kuti apa anathokoza Mulungu n'kukhala phee. Ayi ndithu. Mphamvu zikamabwerera, nsanje nayo inkanenepa. Tsopano sinali ya Gnilane yekha. Inali ya aliyense wokhala ndi chikalata, aliyense amene kutentha thupi kwake kumapatsidwa dzina pomwe kwa anthu akumudzi kumatchedwa ulesi.

Akamayenda midzi ndi beseni la mchere pamutu, anayamba kufunsa. Kodi muno muli wina amene thupi limatentha, kutha, n'kubweranso, koma kuchipatala n'kumuuza kuti malungo alibe? Pafupifupi khomo lachitatu lililonse linali ndi wake. Amayi opita padera, ana osiya sukulu, abambo ogona nthawi yolima. Dibor ankapempha kulowa, kukumba mauna a mbewa ndi supuni, kusefa dothilo ndi sefa wa ufa, n'kuponya nkhufi m'botolo.

Botolo litadzaza theka analitengera ku ofesi ya zaumoyo kuboma. Ulendo woyamba anadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, n'kuuzidwa kuti bwana achoka. Ulendo wachiwiri mlonda anaseka akumuonera patali, akuti amayi a nsikidzi aja abweranso. Ulendo wachitatu bwana anamulola kulowa. Anamufunsa sukulu imene analekezera, kenako anamuuza kuti boma silisintha buku chifukwa cha botolo la wogulitsa mchere. Pankafunika umboni wa akatswiri oyeza magazi. Sanalankhule mwachipongwe, ndipo Dibor anadziwa kuti sanali kunama.

Akatswiri oterowo iye sankawadziwa. Ankadziwa munthu mmodzi yekha amene anawaonapo maso ndi maso. Milungu iwiri analimbana ndi mtima wake, kenako anakwera basi ya ku Dakar.

Nyumba ya Gnilane inali ya matailosi osalala, opanda ndi kamng'alu koti nyerere n'kulowa. Filiji inali kung'ung'udza pakona. Mwana uja anali atayamba kuyenda, ndipo anabwera kudzagwira bondo la Dibor. Chilichonse m'nyumbamo chinkamulasa. Tiyi atafika kapu yachiwiri, ananena chimene anabwerera, maso ali kukhoma.

Gnilane anaika kapu pansi. "Achemwali, chiyambire mwakhala mukundiyang'ana ngati ndinakuberani," anatero. "Mwina ndinaberadi. Mayeso aja ndinakhoza ndi makope anu. Koma mukudziwa kuti tsiku limene ndinabweretsa satifiketi, bambo anati chiyani? Anati ikanakhala ya Dibor bwenzi ili ndi mamalikisi apamwamba. Mpaka lero ndikafika ndi nkhosa amandithokoza, n'kufunsa ngati inu mwadya. Inu mumasirira matailosi angawa. Ine ndakhala ndikusirira mutu wanuwo kuyambira tili ndi zaka zisanu ndi ziwiri."

Awiriwo sanakumbatirane, sanalire. Anangomwa kapu yachitatu limodzi, ndipo m'mawa mwake Gnilane anamutengera kwa dokotala wachizimayi amene anamuchiritsa.

Dokotalayo anakweza botolo kuwindo n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Atafunsa kumene nkhufizo zinachokera, Dibor anatchula mudzi ndi mudzi, khomo ndi khomo, wodwala, mwezi umene anayamba, ndi kangati kamene matenda anabwerera, zonse zochokera pamtima. Dokotala anasiya kulemba n'kumufunsa sukulu imene anaphunzira za unamwino. Dibor anazolika. Anayankha ndi Gnilane, kuti mayi ameneyu sukulu anamulanda ndi matenda omwewa, koma ndi amene anamuphunzitsa iye.

Patapita miyezi inayi akatswiri atatu anabwera ndi makina awo n'kukhala pachipatala chathu milungu isanu ndi umodzi. Dibor ndiye ankathamangira m'midzi kukatenga odwala thupi likadali lotentha. Mwa anthu 60 amene kachida kaja kanati alibe malungo, 19 anapezeka ndi tizilombo ta nkhufi. A Latyr ataona chiwerengerocho anavula magalasi n'kutuluka panja. Ambiri mwa anthuwo anali atawapatsapo panado ndi manja awo.

Musaganize kuti zinatheka pompo. Lipoti linapita kumtunda n'kukagona pa matebulo zaka ziwiri. Bwana uja anasamutsidwa, watsopano anati nkhaniyo sakuidziwa, ndipo Dibor anayambanso kufotokoza kuchokera pachiyambi. Mwezi uliwonse ankafika pa ofesipo, mvula kaya dzuwa, mpaka mlonda yemwe ankamuseka uja anayamba kumutulutsira mpando. Kunali masiku amene ankabwerera akulumbira kuti sadzapondakonso. Ndiye ankakumbukira kuti tsiku lomwelo ku Dakar wina wake wayezedwa m'mawa n'kulandira mankhwala masana, mtima unkamutenthanso, ndipo mwezi wotsatira anali pabenchi pomwe paja. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kalata inafika Lachitatu lina, pa ngolo yobweretsa katemera. Inalola zipatala zing'onozing'ono za dera lathu kupereka mankhwala aja kwa munthu amene kutentha thupi kwamubwerera koma malungo alibe, ndipo inalonjeza makina amodzi oti zipatala zinayi zizigawana. Makinawo anachedwa miyezi isanu ndi itatu, koma anafika. Si dziko lonse ayi, ndi kadera kathu kokha, ndipo madera ena akudikirabe.

Mwamuna wa Dibor uja anatuma amalume ake kudzapempha kuti abwerere. Dibor anawaphikira mpunga ndi nsomba, anawaperekeza mpaka pamsewu, n'kukana. Ali ndi zaka 32 analembanso mayeso aja, atakhala pakati pa ana omutcha azakhali, ndipo anakhoza. Lero ali chaka chachiwiri kusukulu ya unamwino, ndipo pa tchuthi amagwira ntchito pambali pa a Latyr. Mayi woyamba kulandira chithandizo pansi pa lamulo latsopanoli, amene anali atapita padera katatu, anabereka mwana wamkazi chaka chatha.

Mwezi wathawu ndinamufunsa Dibor ngati nsanje inamuthera. Anaseka. Anati ayi, wamva kuti dera lina kumpotoku lili ndi makina awiri pomwe ife tili ndi amodzi, ndipo nkhani imeneyo ikumusowetsa mtendere. Wayamba kale kulemba kalata.

Inu amene mukuwerenga, mwina lero mtima ukukupwetekani poona mnzanu akudutsa mosavuta pakhomo limene inu mwaimapo zaka. Musadzinamize kuti sizikukuwawani. Koma nsanje ili ngati moto wa m'munda: ukausiya wokha umatentha nkhokwe yako yomwe, ukautsogolera umakulambulira polima. Musaitaye pa m'bale wanu, amene mwina naye akusirira zanu. Itengereni pa chitseko chimene chakutsekerani, mugogode lero, mudzagogodenso mwezi wamawa. Mtima wanuwo muugwire zolimba, musautaye, pakuti kumbuyo kwanu kuli anthu ambiri amene adzalowere pakhomo limene inu mutsegule.