Kapilo Kamene Kanagwa Pamsewu

"Usapite, mwana wanga. Chinthucho chidzagwa anthu akuona."

Anatero mayi ake a telala wina wamkazi, koma mwana sanamve.

Zonsezi zinayamba telalayu atangotuluka m'chipatala. Khansa inamugwira bere lakumanzere, madokotala n'kulichotsa. Tsitsi linathothoka. Makina ake osokera, aja ankalira pakhonde kuyambira m'mamawa, anawafunditsa chinsalu ngati maliro. Makasitomala akagogoda, iye ankangobisala kuchipinda.

Tsiku lina anatola tizidutswa ta nsalu pansi pa tebulo, nasoka kapilo kozungulira, kofewa, n'kukalowetsa mu kamisolo. Pagalasi mbali zonse zinalingana. Anayambanso kutuluka, koma dzanja lili pachifuwa.

Kenaka namwino amene ankamutsuka bala anamuuza za mpikisano wothamanga, wothandiza amayi odwala khansa ya m'mawere amene ankalephera ngakhale kufika kuchipatala. Telala anati athamanga nawo.

"Iwe?" anatero mayi ake. "Ukangosesa pakhonde umapuma ngati mbuzi yokokedwa! Bola ukamange ndi phini kapiloko."

"Phini imandibaya pabala, amayi. Ndasoka ndine, sikangagwe."

Anayamba ndi kuzungulira nyumba. Kenaka mpaka pamphambano, mayi ake ali pambuyo ndi ambulera ndi botolo la madzi, kumuchenjeza za agalu, njinga ndi dzuwa. Nthawi zina telala ankakhala pansi m'mbali mwa msewu, chizungulire chitamugwira. Mawa lake ankadzukanso.

Tsiku la mpikisano anthu anandandalika mbali zonse za msewu. Telala ali mkati mothamanga, thukuta litamunyowetsa, kamisolo inakhwefuka. Kapilo kanatsetsereka, n'kugwa pamsewu, kamaluwa ofiira, kooneka ndi patali pomwe. Wina anaseka. Mayi ake anabisa nkhope kuseri kwa ambulera.

Telala anaima. Kanjira kobwerera kunyumba kanali pomwepo, ndipo anakayang'ana ndithu. Koma anawerama, nakatola kapilo kaja, kukasasa fumbi, n'kukakweza m'mwamba.

"Ndasoka ndekha!" anakuwa, misozi ili chuchuchu.

Anathamanga choncho, mbali imodzi ya chifuwa ilibe kanthu. Anafika womaliza, anthu atayamba kale kupinda matenti.

Mawa lake pakhomo panafika mayi wina, atafunda nsalu m'mapewa dzuwa likuswa mtengo. Ananong'ona: "Achemwali, kaja munakweza dzulo kaja, mungandisokereko? Inenso anandichotsa bere. Ngakhale pamaliro sindipita."

Telala anavundukula makina aja. Mkuja wake kunabwera ena, kenaka ena, oti palibe amene ankadziwa kuti alipo.

Ndiye zimene zinamugwera wosamva uja ndi zimenezo: sanapumenso. Khonde lija linadzaza amayi, kuseka, kuyesana tipilo, kupangana zothamanga limodzi chaka chamawa. Mayi ake anakalambira pomwepo, akusankha tizidutswa tofewa, n'kumang'ung'udza: "Ndinanena ine kuti chidzagwa."

"Munanenadi, amayi," ankayankha telala, phazi lili pamakina.

Lero mayi ake anatisiya, mpando wawo uli wokha, koma kapilo kalikonse kamatuluka pakhondepo kali ndi tizingwe tomangira.

Inu amene mwafunditsa makina anu, avundukuleni. Chimene mukubisa ndi manyazi, mnzanu akuchisowa. Osataya mtima, ana anga. Koma pothamanga, mangani bwino.