Amayi Atasiya Kunditchula Iwe

Chaka chomwe ndinabwera ndi satifiketi yauphunzitsi, amayi anga anasiya kunditchula "iwe". Ndinangozindikira kuti ndasanduka "imwe asambizgi", monga timaitanira aphunzitsi kwathu ku Katowo. Poyamba ndinkaseka, ndinkayesa nthabwala.

Ndinakwatiwa ndi mwana wa abusa, tinkakhala m'nyumba yamalata ya pasukulu ku Bolero. Mwana wathu woyamba atabadwa, amayi anabwera ndi kathumba ka mtedza. Mpando anaukana, anakhala pasimenti pafupi ndi chitseko. Tiyi ankamwera m'kapu yachitsulo, ati zadothizo angaswe. Apongozi anga akafika ndi Chingerezi chawo, amayi ankazemba kukasesa pabwalo posesa kale.

Kunena zoona, mwanayo ndinkamuopa. Akangotsokomola, mtima unkandithawa. Ku koleji sanatiphunzitse kusiyanitsa kulira kwa njala ndi kwa m'mimba. Ndinkafuna munthu wondikalipira, wondiuza kuti apa walakwa. Koma amayi ankayamba asamba m'manja, n'kufunsa, "Ndingamunyamuleko?" Mdzukulu wawo yemwe!

M'mawa wina nyengo yozizira, mphepo ya ku Nyika ikuluma, ndinatulutsa beseni panja kuti ndimusambitse. Ndinangomva mbama pamkono.

"Iwe! Wapenga? Ufuna kundiphera mwana? Sukulu yonse ija, m'mutu mulibe kanthu!"

Anandilanda mwanayo n'kumufunditsa chitenje chawo chonunkhira utsi wa kwathu. Ine ndinaima pomwepo, mkono ukuwawa, ndikumwetulira ngati chitsiru. Kenaka maso awo anagwera pakhomo, pomwe bambo a mwana anaima atamanga tayi. Amayi anawerama.

"Phepani chomene, asambizgi. Pakamwa panathamanga."

"Amama, ndikalipireni basi. Ndine yemwe uja."

"Yayi," anatero amayi. "Mbuzi tinagulitsa kuti musakhale yemwe uja."

Masiku otsalawo ndinkalakwa dala. Ndinkabereka mwana mokhwepa, phala ndinapsereza kawiri konse. Iwo ankangokonza mwakachetechete, n'kuthokoza chifukwa cha sopo.

Tsiku lobwerera ndinawaperekeza kumsewu. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, monga amachitira kwa akuluakulu a mpingo, n'kukwera lole ya ku Katowo. Itanyamuka, miyendo yanga inkafuna kuithamangira, ndikawapemphe kuti anditukwane kamodzi kokha ndisanabwerere ndekha kwa mwanayu. Koma ana asukulu ankandiyang'ana, ndipo mphunzitsi sathamanga pamsewu.