Mameseji a Duwa Ankafufutika Okha

Anzanga, tinakumana Lachinayi pa 12 Ogasiti 2021, pa mjigo wa kuseri kwa msika wa Lirangwe. Panali ine Golden, mayi Magret a komiti ya mjigo, ndi mtsikana wovala jombo zoyera atanyamula timabotolo m'bokosi.

Pano ndimutchula Duwa. Si dzina lake lenileni, mumva chifukwa chake.

Ine ndimakonza mijigo, sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Iye anali wasayansi, ankayeza madzi ku labu ina ku Blantyre.

"Achimwene, tapopani pang'ono," anatero.

Ndinapopa mwamphamvu, madzi n'kumunyowetsa siketi yonse.

"Ndati pang'ono! Mukufuna kundibatiza?"

Mayi Magret anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Akhululukireni madamu. Awa salankhula, mawu awo amatulukira m'manja."

Atayeza, madzi a m'mijigo ina anapezeka ndi mankhwala oipa ochokera ku kampani inayake. Mabwana a Duwa anati nkhaniyo ithere mu ofesi. Iye anakaiika pa intaneti. Ntchito inamuthera, tsamba lake linatsekedwa, ndipo anthu amene anangotumiza nkhaniyo m'magulu a WhatsApp anayamba kuopsezedwa.

Timabotolo tija anatisiya pomwepo. Analowa bungwe lomenyera ufulu wa anthu wolankhula pa intaneti. Ankayenda m'midzi ya kwa Chigaru mpaka ku Mdeka, kuphunzitsa anthu kuteteza mafoni awo komanso komwe angadandaule akaopsezedwa.

Womukweza pa njinga ndinali ine. Chikondi chathu chinayambira pa kaliyala, anzanga...

Koma chinali ndi malamulo ake.

"Golden, chithunzi changa usajambule. Screenshot ayi. Mameseji athu azifufutika okha pakatha tsiku. Wina akadzakulanda foni, asadzandipezemo. Ukulonjeza?"

"Ndikulonjeza."

Anzanga ankaika zibwenzi zawo pa status. Ine ndinkaika mijigo.

Nditawauza malume anga, a Edson, kuti ndapeza mbeta, anatambasula dzanja.

"Tione chithunzi."

"Palibe, malume."

"Meseji imodzi yokha?"

"Amafufutika okha."

"Mphwanga, wapeza mkazi kapena mzukwa?"

Zinandiwawa. Ndinamuchonderera Duwa kuti akwathu adziwane ndi akwawo, ine ndisamaoneke wabodza. Kenako anavomera. Tinapangana Loweruka pa 9 Malichi 2024, kwa amalume ake kwa Kuntaja.

Malume anabwereka jekete. Ine ndinasita shati yanga ya kutchalitchi. Titangotsika minibasi pa Chileka, foni inalira. Inali meseji.

"Golden, ndili pa bwalo la ndege. Zinthu zafika poipa, a bungwe andipezera kothawira kunja. Sindinakuuze, poti chimene sukuchidziwa sangakufinyire. Nambala ino ndikuitaya. Ndimakukonda, wondibatiza wanga."

Anzanga, mawu oti "ndimakukonda" anali asanandilemberepo. Aka kanali koyamba.

Ndinaimba, foni yake inali yozima. Tinaima pamenepo m'mbali mwa msewu mpaka ndege inadutsa pamwamba pathu. Malume anavula jekete, n'kuipinda bwinobwino.

"Tiye kunyumba, mphwanga."

Njira yonse sanandiseke. Bola akanandiseka.

M'mawa mwake sindinapite kutchalitchi. Ndinakakhala pa simenti ya mjigo uja, foni m'manja. Ndinkadziwa kuti ikakwana nthawi yomwe inabwera dzulo lake, meseji ipita. Chala china chinali pa batani ili, china pa linalo, mabatani ojambulira screenshot. Kungodina kamodzi basi, ndikanakhala ndi umboni woti Duwa analipo, ndipo anandikonda ine wa Sitandade 8.

Koma ndinalonjeza.

Ndinaiwerenga, n'kuiwerenganso. Mayi wina anandipempha kuti ndisunthe aike ndowa. Pamene ndinkayang'ananso, panali poyera!

Mpaka lero sanandiimbire. Sindikudziwa dziko limene ali. Ena pamsika amati ndinangomupeka, ndipo ndilibe chowaonetsa. Mayi Magret okha ndi amene amawayankha kuti, "Ine ndinamuona, siketi ili yonyowa."

Chimene chimandipweteka si kuchoka kwake ayi. Anandidalira kuti ndingasunge chinsinsi chilichonse, kupatula cha tsiku loti andisiya.

Dzina loti Duwa lidakali mufoni mwanga. Ndikalitsegula, mulibe kanthu.