Apongozi ndi sate wawo

Kumalo odzazira gasi onse amawatcha a Sate. Akhala akugubuduza masilinda pamenepo kuyambira ndevu zisanamere, mpaka phewa lakumanja linatsika kusiya linzake. Masilinda akale amalembedwa mafiti pakhosi, makyubiki fiti achingerezi aja, pomwe mamita a masiku ano amawerenga malita. Wowotcherera zitsulo akafunsa kuti muli malita angati umu, iwo sasaka cholembera, poti kwa iwo fiti imodzi ndi malita makumi atatu.

"Chulukitsa ndi sate, iwe! Ndine aphunzitsi ako ine?"

Gasi akatha msanga, wowotchererayo amangotukwana n'kupita kukadya. Palibe anafapo nazo.

Kunyumba ndi munthu wa mawu ochepa. Akalowa, wailesi imatsitsidwa. Samenya, sakalipa, koma mawu awo sabwezedwa, ngakhale ndi mwana wawo wamwamuna, dalaivala wa thiraki, amene amakhala ndi mkazi wake m'zipinda ziwiri za kuseri. Mkaziyo amamuitana kuti amake mwana, ndipo chikwatiwireni iye anali asanawayang'anepo apongozi akewo m'maso.

Khanda lake linabadwa masiku asanakwane, mapapo asanakhwime. Achipatala analitulutsa ndi timachubu m'mphuno, nati okosijeni aziyenda theka la lita pa mphindi, osaduka. Kuntchito kwa apongozi amadzazanso okosijeni wa odwala, choncho sanalole wina kukhudza silinda ya mdzukulu wawo. Ankadzaza okha, kuipukuta, kubwera nayo panjinga ataikulunga m'bulangete ngati nayonso ndi khanda.

Tsiku lina masilinda akuluakulu anatha, nabwera ndi kasilinda kakang'ono. Analumikiza, nagogoda pakhosi pake ndi chala.

"Mafiti twente-folo awa. Kuchulukitsa ndi sate, malita seveni handiredi twente. Pa theka la lita, limenelo ndi tsiku lathunthu. Ino ndi teni, kafika teni mawa. Yaikulu ndibwera nayo cha m'ma hafu naini."

Amake mwana anasiyira sukulu folomu 3, koma masamu ankawakonda. M'mutu mwake munalira kuti si sate, ndi twente-eyiti ndi kakang'ono. Analowa kukhitchini, nayang'ana pafoni. Zinalidi choncho. Malita anali sikisi handiredi eyite okha, ndipo mpweya ukanatha naini isanakwane.

Anatuluka ndi kapu ya tiyi, nagwada.

"Bambo..."

"Ee, amake mwana?"

Anaona zala zawo zakuda ndi girisi, bulangete lija lili pamaondo. Anthu amene amadzuka m'mawa chifukwa cha mwana wako, uwauze kuti sadziwa ntchito yawo?

"Shuga wakwana?"

"Wakwana."

Mwamuna wake anali pa ulendo, kumalo kosagwira foni. Anayamba kudzinyengerera yekha. Mwina amadzaza mopyola muyezo. Mwina afika msanga. Ndiwauza madzulo. Madzulo anati ndiwauza m'mawa. M'mawa anamva geti likulira, njinga itapita kale.

Anakhala pamphepete pa bedi, maso pa mita. Singano inali italowa pofiira. Mukachubu kagalasi muli kampira kamene kamayandama mpweya ukamayenda. Anakayang'ana kakutsika pang'onopang'ono, mpaka kanagona pansi, phee. Msokoso uja wa siii unaleka. M'chipinda munangoti zii.

Poyamba mwana anapitiriza kugona. Kenako nthiti zinayamba kulowa, timphuno tikutukumuka, milomo ikuchita phulusa. Anaimbira apongozi, foni inangolira osayankhidwa. Kuntchito kwawo makina amatseka makutu. Anakwatula mwana ndi timachubu take tomwe, natuluka wopanda nsapato.

"Wa njinga yamoto! Achimwene! Kuchipatala, chonde, musaime paliponse!"

Namwino analanda mwanayo osafunsa dzina, namuika kachigoba kumaso. Amake anaima pakona atadzigwira pakamwa mpaka milomo ya mwana ija inayamba kufiira. Ndi pamene anakhala pansi.

Apongozi anafika thukuta lili kamukamu. Anali atakapeza nyumba yotsegula, aneba n'kuwalozera njira.

"Ndani anakuuzani kuti kasilinda kameneko kafika teni?" anafunsa namwino. "Anthu inu mumasewera ndi mwana?"

Mkuluyo anavula chipewa. "Ndine, mayi. Ndinachulukitsa ndi..."

"Ine ndinkadziwa," anatero amake mwana. Mawu anangotuluka okha. "Ndinawerengera dzulo lomwe. Ndinkadziwa kuti sikafika."

Namwino anawayang'ana onse awiri, napukusa mutu, nabwerera kwa mwana.

Panja anakhala pabenchi, uyu kuno, awa uko. Apongozi ankapotokola chipewa.

"Mumadziwa, amake mwana?"

"Eya, bambo."

"Ndiye munandipatsa tiyi?"

Amake mwana anawerama. Misozi inagwera pamapazi ake afumbi.

"Ndine chilombo chanji ine, kuti mpaka mwana akanapita inu mukundiopa?"

Mawu awo anathyoka pakati. Aka kanali koyamba kuwayang'ana kumaso, ndipo anaona nkhalamba yofooka. Akanakonda akanamukalipira.

Mwana anatuluka m'chipatala ali bwino. Apongozi amabwerabe ndi masilinda, koma akalumikiza amabwerera m'mbuyo, manja kumsana.

"Tiuzeni, mayi, itha nthawi yanji?"

Iye amawerengera, n'kunena mokweza. Mkuluyo amangogwedeza mutu. Ndipo nthawi zonse akatuluka, amake mwana amaika dzanja pachifuwa pa khanda, kumva kuti chikukwera, osalichotsa mpaka dzanjalo lichite dzanzi.