Diresi la Malemu Pampando

Anagogoda m'mawa, Lolemba lina la mwezi wa Julaye, chaka chachiwiri chipani chitatsala chimodzi m'dziko muno. Ndinali nditamanga kale tayi, ndikudikira kuti madzi a tiyi awire ndipite kusukulu kumene ndinkaphunzitsa. Kugogodako kunali kwaulemu, ngati kwa munthu wodzapempha mchere.

Pakhomo panali amuna awiri a masuti, kumbuyo kwawo wapolisi wachikulire wa yunifolomu. Kuseri kwa mpanda, mnansi wanga, yemwe anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu la Kabwata, ankathirira repu. Sanadzutse mutu.

"Ba ticha, shani?" anandilonjera wa suti mmodzi. "Tifuna chabe kuona mu nyumba."

Mkazi wanga anali atamwalira mu Febuluwale, pamodzi ndi mwana amene ankayembekezera. Za zimenezo sindilemba zambiri. Maliro atatha, azakhali ake anasonkhanitsa zovala zake, nazimanga mtolo m'chitenje chake, n'kuuika pamwamba pa kabati. Kwathu mtolo wotere sumasulidwa ndi munthu wina aliyense, ngakhale mwamuna wake, kufikira abale a malemu atabwera kudzagawa. Abalewo anali ku Katete, akudikira kuti amalize zokolola.

Wa suti anautsitsa mtolowo. Wapolisi wachikulire uja anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda chitseko.

"Bwana, ivo ni vovala va muntu wakufa."

"Wakufa sabisa mapepa?" anayankha winayo, n'kumasula mfundo.

Mapepala sanawapeze. Komabe mtolowo anaunyamula, naine ananditenga. Madzi a tiyi ndinawasiya akuwira.

Mlandu wanga unali wotere. Pakona pa msewu wathu pankakhala bambo wina wochokera ku Luapula, amene kale ankagwira ntchito m'fakitale. Anali wa chipani chimene chinaletsedwa; anamangidwapo, n'kutuluka akutsokomola, ndipo anthu analeka kumupatsa moni. Pamaliro a mkazi wanga, iyeyo ndiye anayamba kufika. Anatulutsa mipando ya m'nyumba mwanga kuti amayi apeze poyala mphasa, anawaza nkhuni, kenako anakakhala kumapeto kwa bwalo kumene moto sunkafika, kuti anthu asachite naye manyazi. Bamboyo atamwalira mu Juni, tcheyamani anayenda khomo ndi khomo kunena kuti maliro a mdani wa boma salirika. Ine ndinapita. Maliro n'kulirana. Ndinatulutsa mipando yake monga iye anatulutsira yanga, ndipo tcheyamani anandiona.

Chimene sanaone n'chakuti bokosi analikhoma ndani, ndipo ndani anabwera ndi galimoto kudzatenga mtembo kunyumba yachisoni ya kuchipatala kupita nawo kumanda. Anali mmisiri wa matabwa, Msilamu wochokera ku Malawi, bambo wa ana ambiri. Akanangotchulidwa, akanamangidwa, ndipo banja lake likanakatayidwa pamalire. Dzina lake ndilo amuna a masuti aja ankalifuna kwa ine.

Sananditengere kupolisi. Galimoto inalowera ku Woodlands, n'kukhotera pageti la nyumba wamba, ya kapinga wotchetcha bwino ndi maluwa pakhonde. Wodutsa mumsewu akanati mukukhala mkulu wa m'boma. Ananditsekera m'chipinda chimene kale chinali cha ana. Pafelemu ya chitseko panali timizere ta pensulo toonetsa mmene mwana wina ankakulira chaka ndi chaka; kamzere komaliza kankandifika m'chiuno. Mazenera anawapaka penti yobiriwira, kotero kuti masana onse m'chipindamo munkakhala ngati pansi pa madzi. Kutsidya kwa khoma wina ankatsokomola. Patapita masiku kutsokomolako kunaleka, ndipo sindinafunse.

Wondifunsa mafunso anali munthu wa magalasi, wa mawu ofatsa, wolankhula Chinyanja cha m'mabuku. Tsiku loyamba anandipatsa tiyi. Anandiuza kuti nayenso anaphunzira kumishoni, ndi kuti ankaimba besi m'kwaya.

"Aphunzitsi, lamulo lalikulu ndi liti?"

Ndinati kukonda Mulungu, ndi kukonda mnansi.

"Mwakhoza. Nanga mnansi wanu ndani? Amene mukumubisayo wabwera kudzakuonani? Wakubweretserani ndi nthochi yomwe? Ife ndi amene tili nanu tsiku ndi tsiku. Anansi anu ndife."

Ndinati ndinapita kumaliro, ndipo kumaliro munthu amayang'ana pansi.

Pambuyo pake tiyi sanabwerenso. M'nyumbamo munali bafa ya matailosi oyera, ndipo kumeneko n'kumene anyamata ake ankanditengera. Ankayamba atsegula mpopi kuti madzi azisokosa. Khutu langa lamanzere silimva mpaka lero. Mmodzi wa iwo ankakonda kundifunsa, akupukuta manja, "Ba ticha, lelo tapasa mayeso olo tafeluka?"

Chakumapeto kwa Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba, ananditengeranso kwa mkulu wa magalasi. Chipinda chake kale chinali chodyera. Patebulo panali mipando itatu. Pampando wachitatu anali atayalapo diresi la mkazi wanga, lobiriwira la timaluwa toyera, limene ankavala popita kutchalitchi. Mapewa ake anawakoleka pamsana pa mpando, manja a diresilo anawagoneka patebulo, ndipo pansi anaikapo nsapato zake, zitayang'ana kwa ine.

"Lero tili ndi mlendo," anatero. "Ine mwandinamiza mokwanira. Tawauzani amayiwa."

Sanandigwire tsiku limenelo, ngakhale masiku otsatira. Ankangondikhazika moyang'anana ndi mpandowo, iye n'kumawerenga nyuzipepala. Ndinali ndi njala, ndipo njala imasokoneza maso. Zimenezo ndikuzidziwa, ndinaphunzira sayansi. Koma mphepo ikalowa pansi pa chitseko, chifuwa cha diresilo chinkakwera n'kutsika. Fungo la sopo wake linali lisanathe. Nthawi ina ndinamva mpando ukulira monga umachitira munthu akasuntha pokhala, ndipo mkuluyo naye anatsitsa nyuzipepala n'kuyang'ana.

"Dzina limodzi lokha," anatero atakonza kukhosi. "Mukatero munyamula katundu wa akazi anu, mukawagoneke. Mukuwasunga pano ndinu. Kodi munawakondadi?"

Dzinalo linafika palilime. Ndikunena zoona: ndinatsegula pakamwa. Ndinkayang'ana kolala ya diresi, pamene iye anasokapo yekha batani losiyana ndi anzake, ndipo ndinaganiza kuti mmisiri ndi munthu wamoyo, atha kukayambanso kwawo, pamene mkazi wanga alibe womuteteza koma ine.

Chimene chinanditseka pakamwa si kulimba mtima. Ndinakumbukira kuti bokosi la mkazi wanga analikhomanso mmisiri yemweyo. Tsiku limenelo nditapita kukalitenga, ndinamupeza atatembenuza chivindikiro, akupala mkati mwake. Ndinamuuza kuti nthawi yatha, ndipo mkatimo palibe amene adzaonemo. Anayankha osaleka kupala, "Aphunzitsi, mwiniwake ndiye aziyang'ana kumeneku." Munthu wosapemphera nafe, wosadya nafe nyama, anasalazira mkazi wanga denga la nyumba yake yomaliza. Ndikanamutchula pamaso pa diresi limenelo, sindikudziwa kuti ndikanakhala ndikukonda ndani.

Ndinati, "Kumaliro ndinayang'ana pansi."

Mkuluyo anapinda nyuzipepala bwinobwino, n'kuitana anyamata ake.

Lachisanu lina m'mawa ananditengeranso kuchipinda chodyera, koma mpando wachitatu unali wopanda kanthu. Mkulu wa magalasi anakalipa m'Chingerezi, zitseko zinamenyedwa, alonda anafoletsedwa pakhonde. Palibe anaona kanthu. Wina anati mwina mwiniwake wabwera kudzatenga, ndipo palibe amene anaseka. Madzulo ake wapolisi wachikulire uja, pondipatsa mbale ya nyemba, analankhula atayang'ana kukhoma.

"Namanga futi mutolo uja. Naine nili na mukazi."

Sindinamuonenso. Dzina lake sindinalidziwe, ndipo ndikanalidziwa sindikanalilemba.

Mvula yoyamba itagwa anandisamutsira kundende yeniyeni, kumene kunali nsabwe, anthu ambiri ndi dzuwa. Kumeneko kunali kopepukirapo. Sananditengere kukhoti. Chaka chotsatira, mu Okutobala, anandiitana ndi katundu wanga, amene anali tayi ija, nandiuza kuti boma landikhululukira. Sananene chimene landikhululukira.

Ntchito inali itatha, koma nyumba ndinaipeza. Mkazi wamasiye wa bambo wa pakona uja ankaisesa. Chitseko, chimene kale chinkagwedera, chinali ndi mahinjesi atsopano. Pabedi panali mtolo uja, womangidwa ndi mfundo yachilendo, yolimba ngati ya msilikali. Mayiyo anati anaubweretsa bambo wina panjinga, nausiya pakhomo pake osatchula dzina. Sindinaumasule. Abale anabwera kuchokera ku Katete, anagawa, ndipo diresi lobiriwira linapita kwa mng'ono wake.

Mmisiri ndinakumana naye kumsika. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, mwaonda."

"Mahinjesi aja ndi abwino," ndinatero.

Nkhani imeneyi sitinaikambepo, kufikira lero.

Tcheyamani ankandipatsa moni pampanda ngati ndinangopita kutchuthi. Ndinkayankha. Ndinkapempheranso, koma pofika pa mawu okhululukira otilakwira ndinkangoyendetsa milomo. Ndinali kunja kwa ndende, komabe phazi lililonse la pamsewu ndinkalimvera ndi khutu langa limodzi, ndipo mpopi ukatseguka kwa aneba ndinkadzuka pampando.

Mu Janyuwale, kutangocha, ndinamva kulira kuseri kwa mpanda. Mkazi wa tcheyamani anali atamwalira. Ndinaima pazenera. Anthu a mumsewu wathu anatuluka, koma aliyense anaima pageti pake, manja kumbuyo. Munalibe nyumba imene bamboyo sanailakwire. Ena ankayang'ana kunyumba kwanga, kudikira kuti aone chimene ndichite.

Sindinganene kuti ndinamva chikondi. Ndinafufuza mumtima, sindinachipeze. Chimene ndinapeza n'chakuti ndinkadziwa mmene m'nyumbamo munalili m'mawa umenewo: bedi lofunda mbali imodzi, nsapato pansi pake, ndi mipando yoti wina aitulutse, pakuti mwini maliro satulutsa yekha. Ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere ku Woodlands ndinazindikira kuti panalibe wondilamula kupita, panalibenso wondiletsa. Ufulu umene anandipatsa pageti la ndende unali pepala chabe. Uwu unali wanga, ndipo ndikanatha kuugwiritsa ntchito kutseka katani.

Ndinavala jekete, n'kuzungulira mpanda. Ndinamupeza atakhala pasitepe, atavala malaya motembenuza. Atandiona anadzutsa mutu.

"Ba ticha," anatero. "Mwabwela? Imwe?"

"Pepani, bambo," ndinatero. "Tiyambe ndi mipando ya pabalaza."

Ndinanyamula woyamba n'kukauika pansi pa mtengo wa mango. Pobwerera kukatenga wachiwiri, ndinamva mageti akutseguka mumsewu.