Mabatire a Malume pa Chinkhoswe

Ndikukumbukira chinkhoswe cha achemwali anga ku Chinsapo, nthawi imene magetsi tinkangowaonera patali. Akuchimuna anali a ku Dedza, ndipo bambo analumbira kuti sachita manyazi pamaso pawo: kulira wayilesi ya kaseti, osati zoomba m'manja ngati kumudzi. Udindowu anaupereka kwa malume, amene tinkawatchula injiniya chifukwa ankayenda ndi waya m'thumba.

Malume anasonkhanitsa mabatire amitundumitundu. Panali la galimoto, lotupa m'mbali, lomwe linapuma pa ntchito ya minibasi. Panali la njinga yamoto, latsopano, lobwereka. Panalinso a tochi, amene tinawayanika padenga ngati mphale kuti abwerere mphamvu, n'kuwakulunga m'nyuzipepala. Onsewa anawalumikiza pamodzi.

"Achimwene, zimenezi zimagwirizana?" anafunsa amayi.

"Achemwali, batire ndi batire. Azithandizana."

Poyamba zinayendadi. Fumbi linakwera, thobwa linazungulira, bambo ankayendera chamgadagada. Kenaka mayi wa mawu okoma amene ankaimba m'kasetimo anayamba kusanduka bambo. Ovina, pokhala anthu aulemu, anachepetsa liwiro kuti asamusiye m'mbuyo. Nyimbo inapitiriza kuzizira mpaka inafanana ndi zija timaimba popita kumanda.

Posakhalitsa anatulukira mayi Nachisale a kuseri kwa chigayo, atafunda chitenje kumutu. Ataona khamu pamphasa, anayambira pa mpanda pomwe kulira, ndipo analira mwaluso. Atafika pamene panali malume anagwada.

"Pepani, bambo. Watisiya ndani?"

Malume anayang'ana mawaya awo.

"La minibasi, mayi. Latenganso anzake."

Ankhoswe a ku Dedza anaseka mpaka kutsamwa thobwa. Azimayi awo anadzuka, anamanga zitenje m'chiuno, n'kuyambitsa nyimbo yapakamwa. Mayi Nachisale anapukuta misozi n'kulowa m'bwalo. Bambo anaima pakhonde kulimbana ndi mtima wawo, kenaka ndinawaona akuomba m'manja, pang'onopang'ono, ngati akupha udzudzu. Achemwali anakwatiwa bwinobwino.

Pa miyezi yochepa imene ndinakhala ku koleji ndinamva kuti batire lotopa ukaliphatikiza ndi lamoyo limangoliyamwa. Lero madenga a ku Chinsapo ali ndi masola, ndipo anyamata oika masolawo amachenjeza zomwezo. Ndinakawafotokozera malume zonsezi mwaulemu. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kundiuza kuti mabatire analibe mlandu. Woimbayo ndiye anatopa.