Galu Amene Ankavina Chimtali

M'mawa uno galu wathu Bulaki wadzuka movutikira, miyendo yakumbuyo ikunjenjemera. Mwana wanga Tiyese atamukwera pamsana, galuyo wadzuma, mano onse ali pamtunda. Mayo ine!

Pomwepo ndakumbuka Kaputeni, chigalu chachitali ngati thole chimene atate anabwera nacho kuchokera ku Mozambiki. Ine ndi mlongo wanga Yohane tinkamukwera kuchokera pankhokwe mpaka pachitsime, titagwira makutu ake ofunda, onunkhira utsi ndi fumbi. Atayamba kuyenda mopotokola chiuno, ife tinasangalala zedi. Ndinamumanga chitenje cha amayi, tonse tikumuombera m'manja.

"Amama, bwerani mudzaone! Kaputeni akuvina chimtali!"

"Nanga ng'oma akumuimbira ndani?" anatero amayi, akuseka mpaka misozi.

Tsiku lina Kaputeni analuma Yohane pakhutu, chipsera chilipo mpaka lero. Sikunali kuvina kuja ayi, chiuno chinkamupweteka, monga zimachitikira agalu akuluakulu akamakalamba.

Ndiye Tiyese ndamutsitsa msangamsanga, Bulaki ndamuyalira masaka kuseri kwa khola, kumene ana safika. Ana onse ndawagubuduzira mtondo wakale kuti azikwera umenewo. Mpaka pano akuukuwira kuti uthamange.